Mwendo wa Moffat

A Nikodemo, mlongo wanga,

Ndinu munatulutsa njinga yamoto ya malemu amuna anga, tisanamange n'chiliza chomwe, n'kupatsa Moffat. Ine mayi wake munandinamiza kuti akuphunzira zowotcherera ku Chipata, chonsecho munamutumiza ku Lusaka kuti azikaperekera anthu pitsa m'makomo. Umalume wake umenewo?

Andiimbira m'mawa uno kuchokera kuchipatala. Minibasi yamugunda akuthamanga kuti chakudyacho chisazizire, poti chikafika chozizira abwana amakalipa. Adokotala akuti mwina adula mwendo. Chifukwa cha buledi wopyapyala wopaka tomato. Anthu a ku Lusakawo miyendo ali nayo yonse iwiri, koma kukatenga okha chakudya ayi, mpaka mwana wanga apereke wake.

Ndapita kukakwera basi pa Katete. Nsawa zambewu zili pa lona kuseri, muzilowetse mbuzi zisanazione. Mlongo wake Agness musamuuze kanthu, akulemba mayeso. Ndatenga jekete lanu, langa lanyowa. Pepani pa lokhalo.

Mowa ukakutherani mundiimbire, ndisanafike pa Nyimba. Mundiyankhe ndi pakamwa panu: akanakhala mwana wanu Andrew, mukanamutumiza?

Ndine Ireen