Mashingozi andithawitsira mkazi pa ukalamba

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 73. Makolo anga anachokera ku Mulanje, koma ine ndinabadwira kuno ku Honde, ndipo ndathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unakana. Ndikulemba chifukwa ndasowa mtengo wogwira.

Mwezi wa Meyi ndinatuluka matuza m'nthiti, mbali imodzi yokha, kuchokera kumsana kudzafika pachifuwa. Ankawotcha ngati wandithira madzi owira. Akazi anga, a Felicitas, atandivula malaya kuti aone, anangokhala pansi. Anati, "Bambo a Jose, awa ndi mashingozi. Pa msinkhu wanuwu, mwakawatenga kuti?"

Musawaweruze msanga. Tinaika m'manda ana awiri, Jose mu 2001 ndi Chiratidzo mu 2003, ma ARV asanafike kuno. Onse awiri zinayamba ndi matuza omwewa. Amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa ndi mayi awowo. Kukomboni kwathu palibe amene ungamuuze zina: mashingozi akatuluka, ndiye kuti kachilombo kalowa m'nyumba.

Kukiliniki anandiyeza magazi kawiri, mu Meyi ndi mu Ogasiti, ndipo ndilibe HIV. Sisita anati, "Sekuru, agogo anga, asilikali anu a m'thupi angokalamba basi." Ndinabwera nalo pepala kunyumba, koma mayi a Jose sanaliyang'ane n'komwe. "Pepala silinasambitsepo wodwala," anatero. "Ine ndinaona ndi maso angawa." Anayamba ndi kupatula mbale yanga ndi kapu. Kenako anamanga zovala n'kukwera basi ya ku Mandeya, kwa mwana wathu wotsala, Chenesai. Miyezi itatu yatha.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti thupi langa lomwe likuwaikira umboni. Chimfine chimene anzanga amachira masiku atatu, ine chimandigoneka milungu itatu. Ndinadzitema ndi chikwanje pamwendo podula nthochi, mwezi watha bala lisanapole. Matuza anauma, koma pamalopo pamayakabe moti malaya ndimavala mokakamiza. Kutchalitchi amandisiyira benchi yonse ndekha.

Zaka makumi asanu tili pabanja sindinayendepo ndi mkazi wina, Mulungu ndi mboni. Kodi asilikali a m'thupi amakalambadi, kapena sisita ankangonditonthoza? Ndikuopa kuti ndifera ndekha m'nyumba muno, mayi a ana anga akundiyesa wachigololo.

O.B., Ruda

Bambo O.B.,

Sisita sanakunamizeni. Asilikali amene ankanenawo madokotala amawatcha maselo a T. Amabadwira m'mafuta a m'mafupa, n'kukaphunzira ntchito m'kachiwalo kena kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Kachiwalo kameneka kamayamba kufota munthu akadali wachinyamata, ndipo pofika zaka zanuzi asilikali atsopano amatuluka ochepa kwambiri. Akalewo agawikana kambirimbiri polimbana ndi matenda onse amene mwadwalapo chibadwire, mpaka ena amasiya kuswana. Safa ayi. Amangodzaza malo, n'kumatulutsa zinthu zotupitsa m'thupi. Inu mumachidziwa chitsamba cha tiyi chokalamba: masamba obiriwira ndithu, koma nsonga zothyola n'zochepa.

Mashingozi amachokera ku kachilombo ka katsabola amene munadwala muli mwana. Sikachoka m'thupi, kamabisala m'mitsempha, ndipo amene amakapondereza ndi maselo omwewa. Akafooka, kaya ndi HIV kaya ndi ukalamba, kamadzuka. Matuza anu ndi a ana anu aja ndi amodzi, koma chowadzutsa n'chosiyana.

Zizindikiro za asilikali okalamba mwazitchula nokha: mashingozi, chimfine chokanirira, bala lochedwa kupola. Ngakhale katemera sagwira mwamphamvu ngati kale. Kuti munthu atsimikize kwenikweni pamafunika labotale yaikulu yoyang'ana zidindo za pa maselowo, china chotchedwa CD28 chimene chimatha ndi china CD57 chimene chimachuluka. Kukiliniki ya pa esiteti zimenezo kulibe, ndipo musavutike kuzifunafuna, sizingasinthe chithandizo chanu.

Chimene mungachite n'ichi. Bwererani kwa sisita akaone balalo, akakuyezeninso shuga ndi TB, chifukwa si zonse tingamuponyere ukalamba. Auzeni za kuyaka kwa m'nthitiko, mankhwala ake alipo. Nyemba, mazira, matemba ndi masamba zisasowe, ngakhale mukuphika nokha, ndipo muziyenda tsiku lililonse. Mabotolo amene amagulitsidwa m'mabasi akuti amabwezera chitetezo, alekeni. Wobwezera munthu unyamata sanabadwe. Mukayamba kuonda, kutsokomola kupyola milungu iwiri, kapena matuza akabwerera, makamaka pafupi ndi diso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano za mayi. Pepalalo lipindeni mulisunge, anakuuzani kale kuti iwo amakhulupirira maso awo. Kwerani basi mupite ku Mandeya. Chenesai akhalepo, muwapemphe mayi kuti mupitire limodzi kukiliniki, akakubayeni chala iwo ali pomwepo, aone okha zotsatira zikutuluka. Nawonso ayezedwe.

Sindikulonjezani kuti abwerera. Mmene ndawerengera kalata yanu, za chigololozo n'zapakamwa chabe. Chimene mayi athawa ndi kusambitsa munthu wachitatu, ndipo pa zaka 73 palibe sisita amene angawatsimikizire kuti tsikulo silidzafika. N'chifukwa chake musadikire kuti bala lipole kaye, pitani sabata ino.

Koma samalani poyamba pake. Mukakafika musathamangire kudziyeretsa. Khalani pansi muwatchule mayina Jose ndi Chiratidzo, chifukwa tsiku lija mayi atakuvulani malaya, anaona ana awo.