Thobwa ndi Lanu, Botolo ndi Langa

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko? Kuno ku Nabvutika tadzuka bwino, ndipo ndili ndi nkhani imene ikundilepheretsa kukhala pansi kuyambira Lachiwiri. Koma ndiyambe ndi za ena, monga munkatiphunzitsira.

Achemwali Esinati anachira mu Julaye, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni. Amalume ku Chipangali apata mtedza wambiri chaka chino, atitumizira thumba lathunthu losasenda. Chimanga chachikasu cha nthawi ya chilala chija tinachiiwala. Denga la khitchini likadali lobooka. Atate akuti alikonza mvula isanagwe, monga ananeneranso chaka chatha.

Tsopano yanga. Mukukumbukira kuti munkanditcha Namanyazi, chifukwa dzuwa likapendeka maso anga ankagwa pansi, mawu n'kumathera m'mphuno? Alendo ankati mwalera mwana waulemu. Ine sindinkadziwa kuti ndinene bwanji kuti zikope zikundilemera ngati bulangete lonyowa. Tsiku la maliro anu tinafika kumanda masana. Nyimbo ija munandipempha muli pamphasa kuti ndidzayambitse, ndinangoimba mzere umodzi, mawu n'kuzima, maso n'kutsika. Azakhali anauza anthu kuti mwana uyu ndi wouma mtima, mayi ake akulowa m'manda iye akuodzera. Mawu amenewo ndayenda nawo zaka zitatu. Ndipo pokonza za chiliza chanu, chimene tivundukule mwezi wamawa, anati nyimboyo apereka kwa wina kuti ndisadzachititsenso manyazi banja.

Mwezi watha ndinatsamwa ndi mbatata moti atate anachita mantha, n'kunditengera kuchipatala cha mishoni. Adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anandiuza kuti ndiyang'ane kudenga. Sipanapite nthawi, zikope zinatsika zokha. Anandibaya jakisoni, tinadikira pang'ono, ndipo maso onse awiri anatseguka. Amayi, ndinaona mpaka akangaude a pakona, masana dzuwa likuswa mtengo!

Kenaka anajambula papepala. Anati mtsempha umene umanyamula uthenga kuchokera kumutu sugundana ndi mnofu, pakati pamatsala kampata. Kumapeto kwa mtsemphawo kuli timatumba tosaoneka ndi maso, todzaza ndi timadzi ta uthenga. Ukafuna kukweza chikope kapena kumeza, timatumbato timafika pakhomo n'kukhuthula timadzito, mnofu n'kulandira, n'kugwira ntchito. Koma timatumbato satitaya ayi. Mtsempha umatibweza m'kati, kutidzazanso, n'kutiika pamzere kudikira ulendo wina.

Ine wosalankhula uja ndinangozindikira ndanena kuti, "Ngati mabotolo a amayi."

Anafuna kudziwa kuti mabotolo ati. Ndinawafotokozera za thobwa lanu la ku Mwami, mmene munkaimira pambali pa madalaivala a malole mpaka amalize kumwa, wina akafuna kukwera ndi botolo inu n'kumugwira malaya, mukuti, "Thobwa ndi lanu, botolo ndi langa." Ndinanenanso mmene tinkawatsukira ndi mchenga n'kuwadzazanso kuchokera mu ndowa. Anaseka mpaka kuvula magalasi, anati adzabwereka mabotolo anuwo pophunzitsa anamwino. Mwamva, amayi? Inu amene simunaponde m'kalasi.

Anati mabotolo anga ali bwino, amapita ndi kubwerera. Vuto lili kwa olandira. Thupi langa lomwe linawononga timilomo tambiri ta pamnofu tomwera timadzito. Munthu akapuma, mabotolo odzaza amakhala ambiri pamzere, ndiye timilomo totsalato timapezabe zokwanira. Akagwira ntchito kwa nthawi, odzaza amachepako pang'ono. Zimenezi zimachitikira aliyense, koma kwa ine kuchepa pang'onoko kumakwana kugwetsa chikope. Pakampata paja palinso wopukuta, ndipo mapiritsi amene andipatsa amamuchedwetsa, kuti timadzi tisafufutidwe tisanamwedwe. Sachiritsa, ndiziwamwa mwina moyo wonse, ndipo masiku oyamba ankandipotokola m'mimba.

Koma Lachiwiri, dzuwa litapendeka, ndikusenda mtedza kuseri kwa nyumba, ndinayamba nyimbo yanu chapansipansi. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Ndinadikira kuti mawu azime, osazima. Ndinaimba zonse zinayi, yomaliza nditaimirira, makoko ali mbwee pansi.

Sindinadziwe kuti azakhali anali atafika, atakhala pakhonde. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga botolo lanu lobiriwira lija, ndinakagwada pafupi nawo n'kuwafotokozera zonse, kuyambira kampata mpaka wopukuta. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati za timatumbazo sakuzimva, nzakusukulu, koma makutu ali nawo. Anatenga botololo n'kulitembenuza m'manja, kenaka anati, "Udzayambitse ndiwe. Koma ndime yachitatu usathamange nayo, mayi ako ankaikoka."

Anapukuta maso ndi chitenje n'kunena kuti ndi utsi. Moto tinali tisanakoleze.

Chimodzi ndikuululireni. Nthawi yonse imene ndinkalankhula nawo ndinkayang'anabe pansi, chikhalirecho zikope zinali zopepuka. Ndiye dzina lija musalifafanize lonse. Theka anali matenda, theka linalo ndi langa ndithu.

Mapira a chimera ndaviika kale. Tsiku la chiliza ndidzamwa piritsi pa nthawi yake, ndidzaima kumutu kwanu maso ali otseguka, ndipo ndidzayambira pa mzere umene ndinasiyira mpaka kumapeto. Anthu adzamwa thobwa m'mabotolo anu, ndipo musade nkhawa, onse ndidzabwerera nawo kunyumba.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Matilida, Namanyazi wanu