Nsomba Ili ndi Mwala, Amuna Anga Alibe

Loweruka, mu Julayi. Chiperoni tsiku lonse, mtima wosakhazikika.

Mdzukulu wanga Tiyamike wabwera kuchokera ku koleji. Wandionetsa pafoni nsomba ya m'nyanja yamchere, youmira m'mwala. Akuti mtundu wake unatha kalekale, anthu asanakhaleko. Ndati, "Iwe, ndiwo zosadyeka ukuziphunziriranji?" Waseka. Koma ine ndayang'anitsitsa: minga yonse ilipo, dzina ilinso nalo.

Nanga amuna anga, othyola tiyi moyo wawo wonse? Mtanda wa pamanda pawo chiswe chinadya. Wodziwa malowo ndatsala ndekha, komatu ulendo watha ndinaima pakati pa mitumbira iwiri, osadziwa woulirira.

Tiyamike akubwerera Lolemba. Mawa tikaweruka kutchalitchi ndipita naye kumandako, asenze mwala tikaikepo. Bola ndikaloze mtumbira woona, chifukwa ndikakalakwitsa ineyo, wondikonza ndani...