Veronika wa pa Khoma Lathu

Lachitatu la Phulusa, 5 Malichi

Phulusa pachipumi, penti m'zikhadabo. Zithunzi zonse khumi ndi zinayi za Njira ya Mtanda zatha, zauma pakhoma la tchalitchi chathu. Miyezi inayi pa makwerero. Msana ukuwawa, koma ndisaname, ndi zokongola.

Lero chakwana chaka chisiyireni ntchito yolemba mayina a magolosale ku Santhe. Chaka chodzaza. Chithunzi changa cha njovu kugulidwa ndi mlendo wodzaona nyama ku Lifupa. Dzina langa kumveka pa wailesi, Dorika wojambula. Nelson, chibwenzi changa, kundiuza kuti ndisankhe, iye kapena burashi, ine n'kusankha. Ndinalira sabata imodzi basi. Kenako akomiti ya tchalitchi kundipatsa khoma lonse.

Ambuye, mukudziwa kale, koma ndilembe. Pa chithunzi chachisanu ndi chimodzi, Veronika wopukuta nkhope ya Yesu uja ndamupatsa nkhope ya Amayi. Sizinangochitika. Ndinachita dala.

Amayi, mkazi wachiwiri wa Ababa. Zaka makumi awiri ndi zinayi osalandira Ukaristia chifukwa cha mitala. Malo awo benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Koma munthu akadwala m'mudzi muno, wokamusambitsa ndani? Akamwalira, wotseka maso ndani? Veronika wina ine sindimudziwa.

Lachisanu, 7 Malichi

Njira ya Mtanda yoyamba. Zithunzi zisanu zoyambirira, bwinobwino. Agogo ena mpaka misozi. Titafika pa Veronika, nyimbo inayamba kuchepa mphamvu. Mayi wina kumbuyo kwanga: "Aka, si a Feggie awa?" Wina kuseka m'chitenje. Ena anagwada, ena anangoima ngati mizati. A Aloysius, akatekisiti, anawerenga pemphero mothamanga ngati akuthawa mvula.

Amayi kunalibe. Anali kumunda, kuthyola fodya.

Ine ndinagwada.

Lamulungu, 9 Malichi

Andiitana akomiti titaweruka. Anthu asanu ndi awiri pa benchi, ine chiimire. A Lameki, apampando, osandiyang'ana n'komwe. Akuti ndanyoza nyumba ya Mulungu. "Mwana iwe, ukufuna tizigwadira mitala?"

Ndinayankha kuti timagwadira Ambuye amene ali pachithunzipo, osati Veronika. Ndinawakumbutsa kuti Pilato ndinamupatsa nkhope ya wogulitsa nyama ku Santhe, onse anamuzindikira, onse anaseka, palibe anadandaula. Simoni wothandiza kusenza mtanda ndi tenanti wa pa esiteti, woledzera wodziwika. Ameneyonso palibe vuto. Vuto mayi mmodzi wogwira kansalu.

Akuti ndine wamwano, sukulu inandiwononga. Bambo Mfumu akubwera Lachisanu pa 21. Pofika tsikulo nkhope ikhale itasintha, apo ayi a Lameki adzapakapo laimu okha.

Ndati sindisintha. Mawu anatuluka okha. Panjira ndinachita mantha, bwanji atandiletsa kulandira inenso? Kolona ndinayamba katatu, osamaliza.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tsiku lonse m'chigafa, kusoka fodya. Manja bii ndi utomoni. Ine, Amayi, ndi amayi aakulu a Anastasia, mkazi woyamba wa Ababa, iwo amene amalandira Ukaristia mwezi ndi mwezi. Ababa anangosuzumira, n'kupeza chochita ku dimba.

Amayi atapita kukatunga madzi, amayi aakulu anayankhula osakweza mutu. Akuti ndili khanda anandibereka kumsana miyezi itatu, Amayi ali chigonere. Akuti sanandiwerengepo ngati mwana wa mnzawo. Kenako: "Lachisanu ndinagwada, Dorika. Pamaso pa anthu onse aja, ndinagwadira amene anandilanda mwamuna. Bondo lako likanatha?"



Ndiulule pano poti kwina sindingathe. Ndikujambula nkhope ija ndinaziganizira zimenezi. Amayi aakulu ndinawaona m'maganizo akugwada, ndipo mtima unakoma. Pang'ono, koma unakoma. Munthu amene sanandimanepo kanthu. Ambuye ndichitireni chisoni.

Komabe nkhope ya Amayi si tchimo. Tchimo ndi langa, nkhope ilibe mlandu.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndapeza aphimba Veronika ndi chitenje, misomali iwiri pakhoma langa. Misomali! Penti yatetemuka pa phewa la Yesu.

Ndinakwera pa benchi, ndinachotsa, ndinapinda bwinobwino, n'kukapereka m'manja mwa a Lameki anthu akuona. Ndinagwada popereka, ulemu wonse. Ndinati mwina chitenjechi wina wachiiwala.

Mapemphero anayenda. Pa Veronika ogwada anali ochepa kuposa sabata yatha. Amayi aakulu sanabwere. Aka n'koyamba kujomba chibadwire changa.

Lamulungu, 16 Malichi

Anthu atatuluka, Amayi anatsalira. Ndinawaona pa windo. Anachoka pa benchi yawo, pang'onopang'ono mpaka pachithunzi. Anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo. Potuluka anangoti ndawakalambitsa, makwinya onsewo ndinawatenga kuti. Ndinaseka. Ndimayesa zatha bwino.

Kunyumba, tikutola nyemba, ndi pamene ananena. Akuti zaka zonsezi akhala pafupi ndi chitseko mwamtendere, iwo ndi Mulungu wawo, palibe wowacheukira. Lero tchalitchi chonse makosi kumbuyo. Ana kuwaloza. Ku mjigo akuwatchula Woyera Feggie. Ndi amayi aakulu anaphunzira kukhalirana, kubwerekana mchere, tsopano moni akuvuta.

Ndinati ndinachitira iwo, kuti anthu aone chimene ali. Anandiyang'ana. "Unandifunsa? Mkwiyowo ndi wako, mwanangu. Nkhopeyo ndi yanga. Ndichotsepo."

Akomiti ndikanalimbana nawo mpaka kwa Bambo Mfumu, mpaka kulikonse. Koma awa?

Sindinadye.

Lachinayi, 20 Malichi

Masiku atatu osagwira burashi, osalemba muno. Lero m'mawa ndinanyamula penti.

Ndinapeza a Lameki afika kale, chidebe cha laimu pa keliyala ya njinga. Ndinawauza kuti khoma ili ndinalijambula ndine, wolikonza ndine, laimu wawo akapake chimbudzi cha kuseri chija, chikufunika. Mwano, ndikudziwa. Ndikaulula. Anakhala pa benchi kuti aone ndi maso awo.

Sindinadziwe kuti ndiikapo nkhope ya yani. Ndinangoyamba kuchotsa. Makwinya a pachipumi. Mizere ya m'mbali mwa kamwa. Imvi zotuluka mu duku. Masaya ndinawadzaza pang'ono. Ndimangoti pepani Amayi, pepani. Ndinatsika kuti ndione patali ndisanasinthe mphuno ndi maso.

Ndinaima. Pakhoma panali ine.

Sindinakonze zimenezi, Mulungu ndi mboni. Mphuno yomweyo, maso omwewo, mpata wa mano womwewo. Sindinadziwe kuti timafanana chotere.

A Lameki anayandikira, anayang'ana khoma, anayang'ana ine. "Ndi yemwe uja," anatero.

"Ndine, bambo. Ine ndimalandira. Kafunseni akatekisiti."

Anayang'ananso khoma. Kenako anakankha njinga yawo, laimu akukhavukira m'njira.

Ndapambana? Sindikudziwa. Amayi ndawachotsa monga ananena, koma aliyense wa maso awaona. Mwina ndawonjeza bodza pamwamba pa mwano. Kuti ndisinthenso mphuno ija, ayi. Ndi yanga, ndinabadwa nayo, sindikapepesa kwa munthu.

Madzulo ndinapita kwa amayi aakulu. Ndinakhala pansi pakhonde, ndinanena zonse, ngakhale za mtima kukoma zija. Anamvetsera akusenda chinangwa. Sanati ndakukhululukira, sanandithamangitsenso. Anangofunsa ngati penti ikhala itauma pofika mawa.

Ndati iuma.

Mawa, nthawi ya Njira ya Mtanda, amayi aakuluwo ndikawadikira panjira.