Kabokosi ka Gogo

Lachinayi, 14 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo ija yayamba kukulolani kuyenda. Ife kuno tilipo, ntchito yopakira katundu m'ndege ikuyenda.

Pali nkhani ya mzime wanu imene mwini wake sangakuuzeni. Paja iye amakwera nawo kuperekeza katundu, ine ndimatsala pansi. Kampani ili ndi ndege ziwiri zofanana, timazitcha Gogo ndi Namwali. Lolemba pa 11, ali m'mwamba mu Gogo, magetsi onse anathima, mawotchi a oyendetsa anafa, wailesi inangoti zii. Kenako zonse zinayaka zokha popanda wozikhudza. Anatera bwino. Potsika anaseka, amvekere, "Achimwene, Gogo anangosinza pang'ono."

Amakaniko anafufuza Lachiwiri ndi Lachitatu, osapeza kanthu. Mkulu wawo anati matenda obisala ndiwo oopsa, poti sungachize chimene sukuchiona.

Ine tulo tinandithawa. Dzulo ndinakapempha abwana ogawa maulendo kuti amusamutsire mu Namwali. Anandiseka, "Iwe wasanduka mayi wake?" Koma analola, ndipo ndinathokoza kwambiri.

Lero m'mawa Namwali wanyamuka, iye ali momwemo. Pobwerera ndi ngolo yanga ya katundu ndinapeza Gogo ali chotsegula pamimba, ndipo ndinafunsa makaniko wina ngati vuto lapezeka.

"Ayi, akulu. Tangochita mwa nthawi zonse. Kabokosi kogawa magetsi kamene tikukakayikira tasinthanitsa ndi ka Namwali. Matenda akatsatira kabokosi, ndiye kuti vuto ndi kabokosiko."

"Nanga mudziwa bwanji kuti atsatira?"

"Magetsi a Namwali akathima."

Ataona nkhope yanga anafulumira kunena kuti kabokosiko anakayesa pansi, kali bwinobwino. Amayi, Gogonso pansi anali bwinobwino. Ndikanakhala chete, bwenzi mwana wanu ali pano pambali panga, poti Gogo sauluka sabata ino.

Akuyembekezeka kubwera Loweruka pa 16. Ndikulemba ndili pa benchi loyang'anizana ndi ofesi ya wailesi. Chitseko chikangotseguka ndikumaimirira.

Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse. Alamu anga muwapatsenso moni, koma poti ndi oyembekezera, kalatayi asaione. Akafunsa za amuna awo, mungoti ali ku ntchito. Mukamapemphera, mumutchule dzina lake lonse.

Ndine mwana wanu,
Chisamba