Chipumi cha Ba Asiyatu chafika pamphasa

Lachinayi, mwezi wa Juni. Ku Kanyama kwazizira, koma mtima wanga ukuvina.

Ba Asiyatu ogulitsa vitumbuwa, amene anauza msika wonse kuti yoga yofewetsa thupi yomwe ndinaphunzira kwa amwenye ku Kamwala ndi yochititsa manyazi azimayi onenepa, lero agwada m'kalasi mwanga! Akhala zaka ziwiri akuswali ali pampando chifukwa thupi linawalemera. Ndinawaikira pilo kunsi kwa mawondo, chipumi chinagunda mphasa, ndipo anadzuka okha.

"Mwana wanga, mailo Lachisanu ku mzikiti nizaswali pansi monga banzanga," anatero misozi ili mbwee.

"Mukanasiya msanga kundinena, amayi, bwenzi mutagwada chaka chatha."

Anaseka, koma sanapepese. Akuti Loweruka abweretsa anzawo asanu, pamene mphasa ndili nazo zitatu zokha, ndiye kaya...