Zala Zanga Zasiya Kulankhula

14 Okutobala

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mukaona zilembo zopendekeka musadabwe, cholembera ndachikulunga kansalu kuti chigwirike, ndipo ndikulemba mopumira.

Munafunsa za manja. Ndinapitanso kuchipatala miyezi yapitayi. Adokotala anandipinda zala, kunditenga magazi, kenako anafunsa kuti, "Nanga m'mimba mumamva bwanji?" Ine ndinati, "Ndabwerera manja, adokotala." Iwo anati ndingoyankha basi. Ndiye ndinawauza za chilungulira chija munkandiseka nacho kuti n'cha dyera. Atayeza chimbudzi anapeza kachilombo kamene kamakhala m'mimba zaka ndi zaka. Akuti nyamakazi yangayi ndi ija yoti chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kumenya mfundo za mwiniwake, ndipo ofufuza ena akuganiza kuti kachilomboka kamakolezera zimenezo. Ndinafunsa ngati zala ziwongoke tikakapha. Anati, "Sindikufuna kukunamizani, mayi. Sizinatsimikizike. Koma tiyese."

Mapiritsi ndinamwa onse, ngakhale m'kamwa munkangomveka chitsulo. M'mimba ndachira, ndikudya chilichonse. Zala zili pomwepo. M'mawa zimadzuka zotupa, zouma gwaa, ndipo chapakati chakhotera kwa chinzake. Kusaluni ndinasiya kuluka. Abwana amandilola kulandira makasitomala ndi kusesa tsitsi. Ndimangokhala pampando wa pakhomo kuonera anzanga akuluka mpaka nthawi yoweruka.

Koma chimene ndakulemberani si chimenecho. Popeza kachilomboka kamatha kufala pakati pa anthu a nyumba imodzi, adokotala anati mwamuna wanganso ayezedwe. Inu mukudziwa kuti alamu anuwa ndi ogontha, samva, ndipo kulikonse tingapite, makutu awo ndi pakamwa pawo ndi manja angawa. Tsiku lomva zotsatira tinalowa limodzi, iwo atavala malaya a kuntchito onunkha guluu wa nsapato. Adokotala anati nawonso ali nako, n'kundiyang'ana kuti ndimasulire. Ndinakweza manja. Ndinakwanitsa kunena kuti "kachilombo," "m'mimba," "inunso." Pofika poti palibe akudziwa amene anayamba, kuti mwina aliyense anakatenga ali mwana, zala zinakana kupindika. Zimene zinatuluka pamenepo sindikuzidziwa. Alamu anu anadziloza pachifuwa, kenako analoza manja anga. Ndinapukusa mutu. Anatembenukira kuwindo.

Mankhwala awo anamwa n'kumaliza, koma kuchokera tsikulo anagula mbale yawo ndi kapu yawo, n'kumanga ulusi wofiira pa chogwirira. Amadyera pakhomo atandifulatira, ndipo paja munthu wosamva akakufulatira nkhani yathera pomwepo. Amagona pamphasa pabalaza. Musaganize kuti akundizunza, ayi. Amandichapira, amanditsegulira mabotolo, amandimangira mabatani a bulauzi, koma asanandikhudze amayamba asamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono.

Ndinayesa kuwalembera papepala kuti SI INU. Sukulu sanapite nayo patali, koma mawu amenewo anawerenga. Anagwedeza mutu, n'kundisisita paphewa ngati mmene timachitira ndi mwana akamanama mofuna kutisangalatsa. Nkhaniyi ndi yaitali, imafuna manja athunthu.

Kale ine ndi alamu anu tinkajeda anthu ndi manja pamaso pawo, m'basi, pamzere wa madzi, ngakhale pamaliro, ine n'kumaluma mlomo kuti ndisaseke iwo akamatsanzira kayendedwe ka eni nyumba. Masiku ano tsiku lonse limatha ndi "madzi," "idyani," "zikomo." Sindilira. Ndimayembekezera kuti mwina mtima uwawa, koma suwawa. Ndimangoona zonsezi ngati zikuchitika m'nyumba ya aneba.

Akulu anga, chinenero chamanja munachiphunzira nthawi imene iwo ankandifunsira, muja munkatiperekeza n'kumatiyang'anira ngati apolisi, ndipo pa mawu otukwana munandiposa. Sindikudziwa ngati mukuchikumbukirabe. Ndikupempha mubwere, ngakhale Loweruka limodzi lokha. Musavutike kunyamula kanthu, kaya mankhwala opaka aja, ndili nawo ambiri. Mudzangokhala pakati pathu, ine ndizilankhula ndi pakamwa, inu muziwauza ndi manja. Mudzawauze zonse zimene adokotala ananena, osasiyako. Mudzawauzenso kuti mchere akuchulutsa, kuti bulauzi yobiriwira ija mabatani ake amawaphonyetsa, ndiponso kuti kuchipinda kuja bedi landikulira. Chomalizachi mudzachite manyazi, koma mudzanene ndithu.

Amayi musawauze zambiri. Mungoti m'mimba ndachira, si bodza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka wamkuluyo, amene ndinamulonjeza kudzamuluka tsitsi pa ukwati wake. Mumuuze ayambe kufufuza wina, nthawi ikadalipo.

Alamu anu ali pakhomopa, andifulatira, akumata nsapato ya munthu. Sindinathe kuwauza kuti ndikulembera inu, choncho moni wawo mulibe m'kalata muno. Mudzautenge nokha.

Ine mng'ono wanu.